Mfuti Tinaimangirira Pamtengo, Kenako Tinapatsa Mlonda

Sabata ino ndakwiya, ndipo sindibisa. Ndakwiyira alamu anga, ndakwiyira mwini esiteti ina ya fodya kwathu kuno ku Kapondo, ndakwiyira amuna anzanga amene tinali nawo Lachiwiri lapitali. Pa amunawo mundiwerengere nanenso, musandisiye.

Pamene mukuwerenga izi, bambo wina dzina lake a Wayisoni ali gone kuchipatala, dzanja lawo lamanja latsala ndi zala ziwiri. Pafupi ndi bedi lawo pakhala wapolisi. Akangowatulutsa m'chipatalamo akayankha mlandu wopezeka ndi mfuti popanda chilolezo. Mfutiyo si yawo, ndipo ndikunena izi chifukwa ndinaliko.

Nkhani yake inayamba ndi ngolo yanga. Inathyoka chitsulo cha kumatayala mtedza uli mbwee m'munda, ndiye Lachiwiri m'mawa ndinaikokera kwa alamu anga a Gelesomu, amene anakwatira mlongo wanga Esinati. Iwowa amawotcherera zitsulo pamsika wathu. Mukudziwa mmene pamakhalira pa owotcherera. Wogwira ntchito amakhala mmodzi, oonerera khumi. Ena amasewera bawo pansi pa mtengo, ena amadikira foni itchajidwe, ena amangobwera chifukwa kunyumba akazi awo awauza kuti akasende chimanga.

Cha m'ma teni koloko anatulukira a Wayisoni pa njinga, atamangirira thumba la feteleza kumbuyo. Bambo ameneyu ndi mlonda pa esiteti ija. Kwawo ndi ku Phalombe, anabwera kuno kalekale ngati tenanti, ndipo msana utayamba kuwavuta anawapatsa ulonda. Amakhala m'nyumba ya pa esiteti pomwepo ndi akazi awo ndi ana anayi. Kuno alibe munda, alibe mbale, alibe manda. Zaka zonsezi akhala nafe koma timawatchulabe kuti obwera.

Anapereka moni kwa aliyense, chipewa chili m'manja, kenako anapempha a Gelesomu kuti apite nawo pambali. Pambali pa chiyani? Pamsika palibe pambali. Thumba lisanamasulidwe n'komwe tonse tinali titaunjikana, abawo atasiya nkhomo zawo m'maenje.

M'thumbamo munali mfuti. Osati gogodela wa agogo athu uja ayi. Iyi inali yopangidwa ndi munthu wodzimva kuti ndi katswiri, kwina chitsulo, kwina thabwa lopalidwa bwino, atapakanso vanishi kuti iziwala. A Wayisoni anafotokoza kuti akapitawo a pa esiteti anakaigula kutsidya kwa malire, kwa munthu wina amene amasula mfuti yekha kuseri kwa nyumba yake. Wogulitsayo analonjeza kuti imagwira ngati ya asilikali, ukawombera imalavula yokha chigoba cha chipolopolo, china n'kulowa, iwe n'kungowomberanso. Koma iyi inkangolira kamodzi basi. Chigoba chija chinkakanirira m'kati, osatuluka, mpaka munthu achikolokose ndi waya.

Ndiye akapitawo anawauza kuti apite nayo kwa mmisiri ndipo asabwerere isanayambe kulavula. Mabelo a fodya ali m'chigafa kudikira galimoto, akuba akuzungulira, ndipo ofuna ulonda ndi ambiri. Mawu omalizawo a Wayisoni anawanena motsitsa, koma tonse tinawamva.

Tsopano ndikufunseni, abale anga. A Gelesomu za mfuti anaziphunzira kuti?

Munthuyu ndimamudziwa kuyambira akufunsira mlongo wanga. Amapanga mafelemu a zitseko, mbaula, mabagilabazi, makasu akathyoka amalumikiza. Ndi mmisiri wabwino ndithu, ngolo za kuno theka zinadutsa m'manja mwake. Koma mfuti sanaigwirepo chibadwire. Ine ndinkadikira kuti abweza thumbalo, anene kuti izi si zanga, pitani nazo kumene zachokera.

Anaitembenuza kawiri, anasuzumira kukamwa kwake, n'kumwetulira.

"Zazing'ono izi, madala. Khalani apo."

Mawu amenewa atimaliza m'dziko muno. Kodi munamvapo mmisiri wa kwathu kuno akunena kuti sindidziwa? Mupatseni wailesi, akonza. Mupatseni injini ya chigayo, akonza. Mubweretsereni ndege itagwa m'dimba, adzakufunsani ngati mwabwera ndi sipanala ya 13. Kwa ife kuvomera kuti chinthu sukuchidziwa ndi manyazi oposa kuchiwononga. Chikawonongeka timati chinali chakale, chinali cha ku China, mwini wake anachedwa kubwera nacho. Koma wailesi ikafera m'manja mwa mmisiri palibe amaikidwa m'manda.

Ndipo mmisiri sakhala yekha pa uchitsiru umenewu. Ife oonerera ndiye timathira mafuta pamoto. Posakhalitsa aliyense pamenepo anali atasanduka msilikali wopuma. Wina anati aithire oyilo wakuda. Wina anati vuto ndi zipolopolo, za ku Zambia sizigwirizana ndi mphepo ya kuno. Mkulu wina wa mpingo, amene Lamulungu amatitsogolera mapemphero, anati mwina mfutiyo inadumphidwa ndi munthu wamkazi. Wogulitsa tchipisi anasiya chiwaya pamoto kudzanena kuti amalume ake anali ku nkhondo ya ku Mozambique, ndiye iye zimenezi amazidziwa.

Nanga ine? Ndinagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi mpaka kupuma, ndipo anthu amanditchulabe kuti Alangizi. Pakamwa panga sipanazolowere kukhala chete anthu akamapereka nzeru. Ndinavala magalasi, ndinawerama, ndinati mwina ndi dzimbiri chabe, aitsuke. Ndinanena zimenezo ine, munthu wa imvi, woti ndikanatha kuimitsa zonsezo ndi mawu amodzi. Ndikamakumbukira ndimafuna kudzimenya mbama.

A Gelesomu anasiya ngolo yanga, anatenga tupa, anayamba kupala. Kupala apa, kugogoda apo, kuyeza ndi diso, kupalanso. Chimene ankapala sankachidziwa, ndipo ife amene tinkagwedeza mitu sitinkachidziwanso. A Wayisoni anangokhala pa njerwa, manja ali pakati pa mawondo.

Itakwana nthawi yoyesa ndi pamene ndinaona chimene chandilembetsa ndemanga ino.

Kuseri kwa msika kuli dambo, ndipo m'mphepete mwake muli mtengo wa bulugama ndi chulu chachikulu chapatali pang'ono. Tinapita kumeneko ngati gulu la maliro, mfuti ili m'thumba. Titafika, palibe ndi mmodzi yemwe amene anati ndipatseni ndiwombere. Ayi ndithu. Msilikali wa tchipisi uja anaika manja m'matumba. A Gelesomu anatenga malegeni, anaimangirira mfuti ija pa bulugama zolimba, kukamwa kwake kutaloza kudambo. Kenako anatenga chingwe chosokera mabelo n'kuchimanga pa kachitsulo kokoka powombera.

Chingwecho chinali chachifupi. Mkulu wa mpingo uja anati chiwonjezeredwe, moyo ndi umodzi. Analumikiza china. Wina anati sichinakwanebe, izi zikaphulika zimauluka patali. Analumikiza chachitatu, mpaka chinakafika kuseri kwa chulu. Tonse tinakabisala kumeneko, amuna akuluakulu a ndevu zathu, kugona chafufumimba pa udzu. A Gelesomu anavalanso chigoba chawo chakumaso chowotcherera chija, kuopa kuti kachitsulo kangawalase m'diso.

Anakoka. Inalira, mbalame zinabalalika, koma chigoba sichinatuluke. Anabwerera ku tupa. Ulendo wachiwiri inalira, ndipo kachigoba kanadumpha n'kugwera pa udzu. Mukanamva chisangalalo chake, mukanati timu ya kwathu yagoletsa. Anthu anawagwira chanza a Gelesomu, wina anati amenewa akanayenera kukhala ku Joni, kuno akungowonongeka.

Ine ndinaona utsi ukutuluka m'mbali mwa mfutiyo, pamalo pamene sindinkayembekeza utsi. Za mfuti sindidziwa, koma ndikudziwa kuti poto akayamba kudontha cham'mbali ndiye kuti wabooka. Ndinayang'ana a Gelesomu, nawonso anali ataona. Tonse awiri tinayang'ana kumbali.

Anamasula malegeni, anaipukuta ndi kansanza, anaiika m'manja mwa a Wayisoni. Bambo aja anailandira ndi manja awiri monga mwa ulemu wawo, anayang'ana chulu, anayang'ana mtengo, kenako anafunsa.

"Nanga ine ku ntchitoko ndizikaimangirira pati?"

Tinaseka. Mulungu atikhululukire, tinaseka mpaka ena kugwira nthiti, tikuti anthu a kummwera ndi anthabwala. Bamboyo sankaseka. Anadikira yankho pang'ono, ataona kuti silibwera anaikulunga m'thumba muja, anatsanzika aliyense, n'kukwera njinga.

Taganizani bwino, inu owerenga. Amuna onse aja tinkadziwa kuti chinthucho chingaphulike. Umboni wake ndi zingwe zitatu zija. Palibe anatiuza, palibe anatiphunzitsa, mimba zathu zinatiuza zokha kuti thawirani kuseri kwa chulu. Ndiye chinthu chimene ife sitinayerekeze kuchiyandikira tinachipereka kwa munthu kuti akachitsamiritse paphewa, tsaya lake lili pomwepo. Kodi pamenepa tinganene kuti sitinadziwe? Tinganame pamaso pa ndani?

Khalidwe limeneli si la pa dambo lokha lija. Ndakhala ndikuliona moyo wanga wonse wa ulangizi. Mwini munda amagula mankhwala opopera fodya, amawerenga yekha pa botolo kuti ndi poizoni, ndiye amakaima patali kumene kukuchokera mphepo, mpango uli pamphuno, n'kumakuwira waganyu kuti apopere bwino m'munsi mwa masamba. Waganyuyo ali chifuwa pamtunda, phazi lili pansi, mankhwala akumutsikira kumsana. Madzulo akayamba kusanza timati anadya zoipa.

Chitsime chikayamba kugumuka, mwini wake salowamo. Mwana wakenso samulola. Amakaitana munthu wa kumudzi wina, amamulonjeza ndowa ya chimanga, n'kumugwirira chingwe ali pamwamba. Ndikudziwa bambo wina amene minibasi yake ana ake sakwera, amawakweza ya mnzake, chifukwa akudziwa mmene mabuleki ake alili. Koma m'mawa uliwonse imadzaza ndi ana a eni.

Sikuti ndife anthu osadziwa zoopsa. Timazidziwa bwino kwambiri, timaziyeza mpaka ndi mapazi. Chimene timachita ndi kusankha woti zimugwere, ndipo nthawi zonse amakhala yemwe sangakane, wa ganyu, tenanti, wobwera, munthu woti akati ayi madzulo ake ana agona panja. Tikatero timapita kutchalitchi n'kukaimba mokweza kuposa onse.

Ndikudziwa zimene ena mukunena pamene mwafika apa. Mukuti Alangizi akulankhula chifukwa sanaberedwepo. Ndinaberedwapo ine. Ng'ombe zanga ziwiri zinawoloka malire chaka china, mapazi ake tinawatsata mpaka pamene sitikanathanso kupitirira, ndipo ndinalira ngati mwana. Akuba kuno aliko, ndipo sabwera ndi maluwa m'manja. Munthu amene wagwira fodya chaka chathunthu ali ndi chifukwa choopera mabelo ake. Zimenezo sindikutsutsa.

Koma mwini esiteti ija si mmphawi. Akanatha kulemba alonda ena awiri kuti nyengo ino azikhala atatu. Akanatha kumanga mpanda, kuika magetsi a dzuwa pa chigafa, kugwirizana ndi apolisi a m'mudzi. Ngati mtima wake unali pa mfuti basi, njira yopempha chilolezo ilipo, ndipo iye ndi munthu woti maofesi amamutsegulira zitseko. Anasankha yotchipa, ya kuseri kwa nyumba, chifukwa ankadziwa kuti dzanja limene lidzaigwire si lake. Ndipo ife, amene tilibe ngakhale belo limodzi m'chigafa chake, tinamuthandiza ulere.

Lachisanu masana zinachitika. Izi ndinazimva kwa a Wayisoni eni ake komanso kwa amayi ena amene ankasankha fodya pa chigafapo. Akapitawo anati mfuti iwombedwe dzuwa likuswa mtengo, kuti midzi yozungulira imve kuti pa esiteti pano pali moto tsopano. A Wayisoni anayesa kunena kuti kwa mmisiri anaiyesa ili pamtengo. Akapitawo anawafunsa ngati akuba akabwera adzawapempha kuti adikire kaye amange malegeni. Atatero akapitawowo anakaima kuseri kwa thalakitala.

Yoyamba inalira bwino, chigoba chinadumpha. Akapitawo anakuwa ali kuseri kuja kuti awomberenso. Yachiwiri ndiyo inaphulikira m'manja.

Anawanyamula pa ngolo ya thalakitala yomweyo. Zala zitatu zinatsala pa esiteti, ndipo kumaso kuli mabala moti diso limodzi madokotala sananenebe ngati lidzaona. Bala la mfuti likafika kuchipatala apolisi amayenera kudziwitsidwa, ndipo anabwera, monga mwa ntchito yawo. Iwowa sindikuwadandaula.

Tsono imvani mmene nkhani inatembenukira. Mwini esiteti, ali ku Lilongwe, anayankha pa foni kuti iye mfuti sanaionepo, pamalo pake salola zida, ndipo ndi wokhumudwa kwambiri. Akapitawo anati mlondayo anabwera nayo yekha, ankati azisakira nguluwe, iwo anamuletsa koma sanamve. Amayi osankha fodya aja, atafunsidwa, onse anali atawerama nthawi imeneyo, sanaone kanthu. Sindikuwaweruza amayiwo, nawonso amagona m'nyumba za bwana yemweyo. Loweruka akazi a a Wayisoni anauzidwa kuti pakutha pa mwezi atuluke m'nyumba, mukufunika kulowa mlonda watsopano. Mvula ikakuona litsiro sikata.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinapita kukawaona. Ndinanyamula nthochi ndi botolo la sobo, ngati kuti zimenezo zingabweze chala. Ndinawapeza atatsamira khoma, dzanja lili lokulungidwa mpaka m'chigongono, wapolisi akuwerenga nyuzipepala pambali. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, ndipo zikanandipepukira akanatero. Anandifunsa za kunyumba, anafunsa ngati ngolo ija inakonzedwa. Kenako anatsitsa mawu.

"Alangizi, inu munamva ndikunena kuti andituma. Ine kuno ndilibe wondinenera. Kawauzeni chabe zimene munamva."

Ndinabwerera kunyumba ndikuganiza za pempho lawolo. Kunena zimene ndinamva ndiye kuti ndinene kumene ndinazimvera, ndipo kumeneko ndi kwa alamu anga, tupa ili m'manja. Munthu wokonza mfuti yopanda chilolezo nayenso ali ndi mlandu. Ndinadutsira kwawo kuti ndiwauze maso ndi maso, asadzamve kwa ena. A Gelesomu anati iwo anangothandiza munthu amene anabwera akudandaula, cholakwa chawo n'chiyani? Anatinso mfutiyo pochoka m'manja mwawo inali ikugwira bwinobwino, mboni zilipo, mwina bamboyo anaigwira molakwika.

Mlongo wanga Esinati ananditsatira mpaka pa msewu, chitenje atachimanga m'chiuno ngati wopita kukamenyana. Anandikumbutsa kuti amayi athu akudwala anawasamala ndi iye, kuti ana ake amanditchula kuti malume, kuti chibale ndi fupa sichiola.

"Achimwene, mukufuna kumangitsa bambo a ana anga chifukwa cha munthu wobwera?"

Funso limenelo linandilasa, chifukwa mlongo wanga si munthu woipa. Ndi mayi woti mlendo sachoka pakhomo pake ndi njala. Koma taonani mmene mawu akuti wobwera amatulukira msanga pakamwa pathu zinthu zikathina. Munthu wakhala nafe zaka zonsezi, wakumba nawo manda a abale athu, ana ake amaphunzira ndi ana athu, koma tsiku la mlandu timakumbukira kuti kwawo ndi ku Phalombe. Ndinamuyankha kuti a Wayisoni nawonso ndi bambo a ana a munthu. Anangotembenuka n'kubwerera kwawo.

Ndisananyamuke kupita kupolisi ndinayenda kaye pamsika kufunafuna anzanga a pa dambo paja, kuti tipite awiri kapena atatu. Abale, sindinadziwe kuti Lachiwiri lija kunali maliro ambiri chotere! Wina anali ku maliro ku Guilleme. Wina anali kumunda tsiku lonse, akazi ake angachitire umboni. Wa tchipisi anati iye sachoka pa chiwaya, bizinesi siyilola. Mkulu wa mpingo anandigwira dzanja, anandiuza kuti nkhaniyi tiipereke m'manja mwa Ambuye, ndipo a Wayisoni awaika pa mapemphero a Lachitatu. Anthu omwe aja amene ankalimbirana kupereka nzeru, lero palibe ndi mmodzi yemwe amene anamvapo kulira kwa mfuti, chikhalirecho inalira kawiri msika wonse n'kudzidzimuka.

Lolemba ndinapita ndekha. Ndinanena zonse, kuyambira thumba la feteleza mpaka mawu a akapitawo monga anatifotokozera a Wayisoni. Ndinatchula alamu anga. Ndinanenanso za dzimbiri zanga zija, ndi utsi umene ndinauona n'kukhala chete, ndipo wapolisi wolembayo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake mwa njira yoti sindidzaiwala. Sindikudzitama ndi ulendo umenewu. Ndinapita mochedwa ndi masiku asanu ndi limodzi, zala zitapita kale.

A Gelesomu aitanidwa kukafunsidwa, ndipo sindikudziwa kuti zithera pati. Esinati tinakumana dzulo pa chigayo, ndinamupatsa moni, anayang'ana thumba lake la mgaiwa. Mtedza wanga ndatuta ndi ngolo yobwereka, yanga ikadali kwa alamu, tayala limodzi lili pansi, ndipo sindikuona kuti ndikaitenga liti.

Wapolisi wolemba uja anandiuza zoona zake mosabisa. Anati mawu anga athandiza, koma ndi a munthu mmodzi, pamene mbali inayo kuli mwini esiteti ndi akapitawo ake akunena chimodzi. Pakanapezeka ena awiri kapena atatu onena kuti anamva bamboyo akuti watumidwa, masiku atatu ngozi isanachitike, nkhani ikanaima pena. Kupanda apo, amene anapezeka ndi mfuti m'manja ndi a Wayisoni, ndipo lamulo limayambira pamenepo.

Ndiye ndikulankhula ndi inu, anzanga a pamsika. Maina anu sindinawalembe muno, koma mukudzidziwa, ndipo ndikudziwa kuti nyuzipepala ino imafika pa bawo paja, wina amawerengera anzake mokweza. Palibe akukupemphani ndalama, palibe akuti munapanga mfuti ndinu. Apolisi akungofuna munene zimene makutu anu anamva. Kupolisi si kutali, ndi msewu womwe uja mumapalasa popita kukagulitsa soya.

Madokotala akuti bamboyo akhoza kutuluka sabata yamawa, ndipo sakatulukira kunyumba. Akazi awo ayamba kale kumanga ziwiya m'zitenje, sakudziwa kuti alowera kuti ndi ana anayi. Mukufuna mpaka amangidwe kaye, kuti mudzapeze chokambirana pa bawo?